Kutsika ndi mtsinje wa Grand ku Canada

Mtsinje wa Grand uli m'chigawo cha Ontario, ndipo umayenda makilomita pafupifupi 280 usanathire m'nyanja ya Erie pa Port Maitland. Ife tinauyambira ku Elora, kumene madzi amathamanga pansi pa maphompho amiyala. Kumtundaku ndi kwa alimi: minda ya chimanga, makola a ng'ombe, ngolo za akavalo za anthu achipembedzo cha Mennonite. Pa West Montrose tinatsika m'galimoto kukaona mlatho wamatabwa wokhala ndi denga.

Tikulowa m'mizinda ya Waterloo ndi Kitchener, mnzanga amene ankayendetsa, yemwe ntchito yake ndi yoyeza madzi, analoza chitini cha chakumwa chopanda shuga chomwe chinali m'manja mwanga. "Achimwene, mukumwazo tikazipeza kutsogoloku."

Sankaseka. Zakumwa zoterezi amazitsekemeretsa ndi mankhwala monga acesulfame, wotsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 200, ndi sucralose, amene amafika ka 600. Thupi silizigaya. Acesulfame amatuluka ndi mkodzo monga momwe analowera, sucralose wambiri amapita ndi chimbudzi, zonse n'kulowa m'mipaipi ya suweji. Kumalo oyeretsera suweji tizilombo timadya zonyansa zambiri, koma sucralose timamulephera, amangodutsa mpaka mumtsinje. Mankhwala ena otsekemeretsa, aspartame, safika kumeneko chifukwa amaphwanyikira m'matumbo.

M'mbali mwa Grand ndi mitsinje yothiramo muli malo oyeretsera suweji pafupifupi 30. Mu 2013 John Spoelstra wa ku Environment Canada, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, ndi Sherry Schiff wa ku yunivesite ya Waterloo anatulutsa zomwe anapeza atayeza madzi pamalo 23 kutsika ndi mtsinjewu. Kumtunda zotsekemera zinali zochepa, kupitirira mizinda zinachuluka. Anazipezanso m'madzi a m'mipopi ku Brantford, mzinda womwe umamwa madzi a Grand.

Chimene chinandigwira mtima ndi ntchito yomwe akatswiri amagwiritsa zotsekemerazi. Mtsinje ukaipa, mlimi amaloza tauni, tauni imaloza feteleza ndi ndowe za mlimi. Koma ng'ombe simwa zoziziritsa kukhosi. Sucralose akapezeka pachitsime kapena mumtsinje, ndiye kuti madzi ochokera m'zimbudzi za anthu afikapo, ndipo mkangano umachepa. Kwathu Mudi ku Blantyre amadziulula yekha ndi fungo. Grand amaoneka bwino ndithu, anthu akupalasa mabwato pa tauni yaing'ono ya Paris, pomwe mtsinje wa Nith umathira.

Ku Brantford tinadya nkhomaliro, ine n'kuitanitsa madzi a pampopi dala. Sankatsekemera ngakhale pang'ono, poti muyeso wa zotsekemerazo ndi wochepetsetsa, wa mamaikulogalamu pa lita, wongooneka ndi makina a mulabotale. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kudzera ku Caledonia ndi Dunnville, ndipo ku Port Maitland tinafika asodzi a mbedza akulongedza.