Penti ndi malimu a galimoto: zimene ndimachita ndekha pakhomo kuno ku Moatize

Magalimoto ambiri amene timayendera kuno ku Tete anachokera ku Japan atayenda kale zaka zingapo. Amafika akunyezimira, koma akangopsa ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala kawiri katatu, denga ndi boneti zimayamba kutuwa. Eni ake amaloza chala dzuwa ndi fumbi la malasha, ndipo sakunama, poti mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 miyezi imeneyi, pomwe ife a ku Moatize fumbi lakuda timalipeza pagalimoto m'mawa uliwonse. Komabe zimene ndaona ine n'zakuti penti wambiri amatha ndi manja a anthu omwe akumusamalawo.

Penti wa kufakitale ndi wopyapyala kuposa mmene timaganizira. Pamwamba pa chitsulo pamakhala pulaima, kenako mtundu weniweniwo, ndipo pamwamba penipeni pali vanishi woonekera mkati. Zonsezi pamodzi zimangokwana mamilimita 0.1 mpaka 0.15, ndipo vanishi payekha ndi pafupifupi mamilimita 0.04 kapena 0.05, theka la pepala la m'kope la mwana wasukulu. Vanishi ameneyu ndiye amatchinjiriza mtundu kuti dzuwa lisauwaule. Tsono polishi sadzaza mzere umene wakalika ayi. Iye amapala vanishi wa m'mbali mwa mzerewo mpaka afanane ndi pansi pake, basi diso n'kusiya kuuona. Ndiye kuti nthawi iliyonse mukapolisha mwachotsako gawo la chinthu chimene sichidzabwereranso, m'dera limene dzuwa lake silichitira chisoni.

N'chifukwa chake nkhani ya mizere ine ndimayambira pa katsukidwe. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona munthu m'mawa akupukuta galimoto youma ndi kasanza kuti fumbi lichoke. M'fumbi limenelo muli mchenga, ndipo kasanzako kakuukhwekhwereza pa vanishi. Yambani mwathira madzi kuti fumbi litsike lokha. Mukatero khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wa galimoto, ina ya madzi okhaokha otsukuluzamo nsalu musanaibwezere m'sopo. Muziyambira padenga kutsika, chifukwa matope ali m'munsi. Nsalu ya microfibre ndiyo yabwino, ndipo ikagwa pansi musaigwiritsenso ntchito musanaichape. Sopo waufa wochapira zovala musiyireni zovala, amachotsa sera yense wotchinjiriza penti n'kusiya penti pamtunda. Dzuwa likakwera musatsuke. Madzi a pamjigo ambiri kuno ali ndi kamchere, akaumira pachitsulo chotentha amasiya timadontho toyera tomwe pakapita nthawi timalowerera mu vanishi. Ine ndimatsuka mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, n'kupukuta nthawi yomweyo.

Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala kwathu ku Ulongué, anabwera ndi Corolla yakuda imene anagula kwa munthu. Anali atagula kale chitini cha polishi wokhakhala, uja m'masitolo amalemba kuti massa de polir.

"Malume, ndipezereni makina opolishira ndichotse mizere yonseyi lero lomwe," anatero.

"Dikira kaye kude. Ubweretse madzi m'kapu ndi foni yako."

Kutada tinayatsa tochi ya foni pa boneti. Mozungulira kuwalako munaoneka timizere tambirimbiri tozungulira, topyapyala, tija timabwera ndi kasanza kauve. Pachitseko panali mzere wautali woyererako, wa nthambi ya minga. Ndinathirapo madzi, mzerewo unazimirira, ndipo pouma unabwereranso. Mzere wotere uli mu vanishi mokha, polishi akhoza kuuchotsa kapena kuuchepetsa. Kenako ndinamuuza kuti ayendetse chikhadabo modutsa mzere wina wa pa madigadi akumbuyo. Chikhadabo chinakodwa, ndipo pansi pa mzerewo pankaoneka zotuwa, kusonyeza kuti wafika pa pulaima. Pamenepo ngakhale mutapolisha tsiku lonse mungowonjezera bala.

Makina sindinamupezere. Makina aja ozungulira mwamphamvu akakhala m'manja mwa munthu amene sanawazolowere amatenthetsa penti, ndipo m'mphepete mwa boneti ndi m'makona a zitseko, momwe penti amakhala wochepa kale, amaboola kamodzi n'kamodzi. Tinagwira ndi manja. Galimoto ikhale yotsukidwa, youma ndi yozizira. Yambani ndi polishi wosalala kwambiri amene muli naye, pakamalo kochepa ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, posaonekera kwambiri. Kadontho pa siponji yofewa, kutikita mosakanikiza kwambiri, kupukuta, n'kuyang'ana ndi tochi. Ngati zasintha, imani pomwepo. Wokhakhala uja ndi wa pamalo pokhapo pamene wosalala walephera, ndipo pambuyo pake mumabwerezanso ndi wosalala kuti pawale. Mizere ingapo tinaisiya dala. Kwa ine bola kamzere kooneka ndi tochi kusiyana ndi vanishi wotha.

Mukaona mtundu wa galimoto ukutsalira pansalu, pali zifukwa ziwiri. Magalimoto ena, makamaka mapikapu oyera akale, alibe vanishi wapadera, choncho mtunduwo umatuluka pang'ono popolisha ndipo sicholakwika. Koma ngati galimoto yanu ili ndi vanishi, ndiye kuti mwaboola, lekani msanga.

Zilema zina sizifuna n'komwe polishi. Zitosi za mbalame ndi za mileme zili ndi asidi, ndipo pachitsulo chotentha zimadya vanishi tsiku limodzi lomwe. Musazikande zouma. Ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, zikafewa muzinyamule osakhuta. Mthunzi wa mango tonse timaukonda, koma utomoni wake ndi mbalame zake ndiye mtengo wa mthunziwo, choncho muziyang'ana denga madzulo aliwonse. Timadontho ta tala wa mumsewu m'munsi mwa zitseko timasungunuka ndi parafini pang'ono pansalu, kenako mutsukepo ndi sopo. Penti wa galimoto ina kapena wa geti amene watsalira pabampala nthawi zambiri amachoka ndi polishi wosalala, chifukwa ali pamwamba chabe.

Mzere wofika pa pulaima kapena pachitsulo umafuna penti, mvula isanayambe, dzimbiri lisanalowe. Pa Toyota nambala ya mtundu ili pa kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko kapena m'kati mwa boneti, pamene palembedwa C/TR. Mwachitsanzo 040 ndi woyera, 202 ndi wakuda. Ndi nambala imeneyo ogulitsa penti wa magalimoto amakusakanizirani kabotolo kakang'ono. Tsukani m'mzeremo, paume, kenako mudonthezemo penti ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, pang'ono pang'ono, kudikira kuti aume musanawonjezere. Sizibwerera mwakale ndithu, koma chitsulo chimatetezeka. Za sandipepala wa nambala 2000 kapena 3000 wokhutira ndi madzi, amisiri amamugwiritsa ntchito, koma ine sindingalangize munthu kuti aphunzirire pagalimoto yake yoyendera. Ndipo denga likayamba kuchita mawanga oyera n'kumasupuka, vanishi wafa. Palibe botolo lililonse lingamudzutse, pitani kwa mmisiri wopopera penti.

Pomaliza pakani sera. Polishi amasiya penti wopanda chotchinga, ndipo kuno sera sakhalitsa. Madzi akasiya kuchita timibulu pa boneti, nthawi yopakanso yakwana.

Malimu ali ndi mdani wakewake. Fumbi lakuda limene limamatira pa malimu akutsogolo si la malasha lokha. Lambiri ndi tizitsulo tomwe timaperepeseka pa madisiki ndi mapadi mukamaponda buleki, timauluka tili totentha n'kukakamira mu vanishi wa limu, kenako n'kuchita dzimbiri momwemo. Mukachoka ku Angónia kutsikira kuno kuchigwa mutanyamula matumba a mbatatesi, mabuleki amagwira ntchito yaikulu, ndipo mukafika mudzaona okha mmene malimu adera. Musawathire madzi nthawi yomweyo. Dikirani azizire mpaka muthe kugwira ndi dzanja.

Malimu akhale ndi ndowa yawo, bulashi yawo ndi nsalu yawo, zomwe sizikhudza penti wa galimoto. Ine ndimayamba ndi iwo kuti matope awo asathovukire pamalo potsuka kale. Sopo wa galimoto yemweyo ndi bulashi yofewa zimakwanira ngati simulekerera milungu yambiri, ndipo m'mabowo a manati mswachi wakale umalowa bwino. Sitiliwulu wa mapoto amawalitsa limu la aluminiyamu tsiku loyamba, koma wachotsa vanishi wake, ndipo posakhalitsa limachita mawanga oyera otumphuka. Mankhwala ena otsukira malimu ali ndi asidi wamphamvu woti akhoza kuwotcha khungu, ndiye ngati mwagula valani magolovesi, ndipo musawalole kuumira palimu. Pisani dzanja kumbuyo kwa limu. Nthawi ya dzinja, mukayenda misewu yadothi ya ku Tsangano kapena ku Macanga, matope amaunjikana mkatimo n'kuuma mbali imodzi, chiwongolero n'kumanjenjemera mukathamanga. Ambiri amathamangira kukabalansitsa matayala pamene chofunika chinali ndowa ya madzi.

Malimu achitsulo ndi osavuta. Dzimbiri limachoka ndi bulashi yawaya ndi sandipepala, kenako pulaima, kenako penti wopopera mopyapyala kawiri kapena katatu, tayala ndi valavu mutaziphimba ndi mapepala. Pamene limu limagundana ndi habu ndi pamene manati amakhala pasachuluke penti, chifukwa akaphwanyika manati amakhwefuka. Limu la aluminiyamu likang'aluka chifukwa cha dzenje la mumsewu, imeneyo si ntchito ya pakhomo, ndipo ine ndingakonde kugula lina kusiyana ndi kukweza ana anga pa lowotcherera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimachikana poyera. Anyamata ena otsuka magalimoto amapaka matayala oyilo wakutha kapena mafuta a mabuleki kuti ade bii. Oyilo amafewetsa ndi kuwononga labala. Mafuta a mabuleki amasungunula penti, ndipo tayala likamazungulira amathovukira pa madigadi ndi pazitseko. Choopsa koposa, chilichonse choterera chikafika pa disiki, galimoto siima bwino. Tayala lotsukidwa bwino ndi bulashi limada mokwanira. Mukapereka galimoto kotsukitsa, nenani msanga mwaulemu kuti achimwene, matayala musapake kanthu.

Potsuka mpamene maso anu amafika pafupi ndi tayala, ndiye liyang'aneni bwino. Funani chotupa m'mbali, ming'alu ing'onoing'ono, msomali. M'ngalande za tayala muli timizere todutsa tokwera mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato, tayalalo latha. Pambali pake, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala ogwiritsidwa kale ntchito amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu amatha kukhala ndi mano abwino koma ali okalamba, ndipo pa tala wotentha wa pakati pa Tete ndi Zóbuè lokalamba silichedwa kuphulika. Mpweya yezani m'mawa matayala ali ozizira, motsata nambala ya pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati yolembedwa patayala, chifukwa imeneyo ndi malire ake. La sipeya nalonso lizipimidwa.

Mukamasula gudumu kuti mutsuke mkati, musadalire jeki yokha, ikani chochirikiza cholimba pansi pa galimoto ndi mwala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lina. Pobwezera, manati musawapake girisi. Yambani kuwalowetsa ndi zala, kenako mumange modumphadumpha, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, kuti limu likhale mofanana. Pa Corolla mphamvu yomangira manatiwo ndi 103 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira), yomwe munthu amaikwanitsa ndi manja pa sipanala ya galimoto yomweyo popanda kuikwera ndi mwendo kapena kulumikiza paipi. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 muwayesenso onse. Mphwangayo ndinamuuza kuti pobwerera ku Ulongué akaime pa mphambano ya Mussacama ayese manati asanayambe zitunda.