Chumuni cha Guendolen chandidyera sabata yathunthu

Dzulo madzulo ndinapala utoto wonse wakuda umene ndinapaka pa chumuni cha kachifaniziro kanga ka sitima ya Guendolen, ndipo ngakhale mtima unandiwawa poona ntchito ya sabata yathunthu ikuthera pa sandipepa, ndikukhulupirira kuti ndachita bwino. Sitima imene ndikuifanizira pa sikelo ya 1:72 (kuichepetsa ka 72) ndi ija imene mu Ogasiti 1914, motsogoleredwa ndi Kaputeni Rhoades, inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, m'mbali mwa Nyanja ya Malawi m'dziko la Tanzania. Popeza mfuti yake ya Hotchkiss ili konkuno ku Mangochi, sindikufuna kuti munthu wa kuno adzaone kasitimaka n'kupukusa mutu.

Chimene chinandisocheretsa ndi chithunzi. Pa chithunzi chakale chimene ndinasindikiza, chumuni chikuoneka choderapo kwambiri kuposa mbali zina za sitima, choncho ndinatenga utoto wakuda wa Tamiya XF-1 n'kupaka kawiri osaganiza zambiri. Ndinaiwala kuti magalasi ojambulira zithunzi a nthawi imeneyo ankaona kwambiri mtundu wa buluu, pamene chofiira ankachionetsa ngati chakuda ndipo chachikasu chinkatuluka choderapo kuposa mmene diso limachionera. Izi zikutanthauza kuti chumuni chachikasu chotuwira, chonga chimene sitima zankhondo za Angerezi zinkakhala nacho asanayambe kuzipaka utoto wotuwa cha m'ma 1903, chikhoza kuoneka chakuda pa chithunzi chotere.

Pofuna kutsimikiza, ndinapaka timatabwa titatu, kena XF-1, kena XF-57 Buff (wachikasu chotuwira), kena XF-57 yosakaniza ndi kadontho ka chikasu. Nditatiyanika pakhonde, ndinaphimba kamera ya foni ndi pepala la pulasitiki la buluu n'kutijambula mopanda mitundu. Kathabwa kakuda kanatuluka bii ngati khala, osaonetsa ngakhale mzere wa pensulo umene ndinalembapo, koma kachitatu kanatuluka kodera mofanana ndithu ndi chumuni cha pa chithunzi chija, chimene mkombero wake wakumwamba ukuonekabe wosiyana ndi thunthu lake. Umboni umenewo ndiwo unandigonjetsa. Guendolen inali sitima ya boma la Nyasaland, ndipo kusankha chikasu ndi chiweruzo changa, koma ndi chiweruzo chimene ndingathe kuchiikira kumbuyo kuposa chakuda chija.

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndingopita kukaona utoto umene uli pa mfuti ija n'kutengera pamenepo. Ndinapitadi, koma chitsulo chimene chasungidwa zaka zambiri chonchi chimapakidwa mobwerezabwereza, kotero utoto wa lero sungakhale mboni ya 1914.

Vuto lina ndi kutentha kwa kuno. Mwezi uno wa Okutobala utoto wa akiriliki ukuuma uli pa burashi, ndipo ukusiya mizere ngati ya m'munda, moti ndayamba kupaka m'mamawa dzuwa lisanakwere, nditauchepetsa mphamvu ndi thina, mankhwala osungunulira utoto. Timabotolo ta utotowu amandibweretsera msuweni wanga akamachokera ku Joni, ndipo XF-57 yatsala pansi penipeni, choncho dontho lililonse ndikuliwerenga. Pansi pa sitima ndapaka kale yofiira ya XF-9 Hull Red, ndipo ndinaisakaniza ndi yoyera pang'ono chifukwa pa kasitima kakang'ono mtundu wosasungunula umaoneka wolemera kwambiri, phunziro limene ndinalipeza movutikira pamene ndinkapanga kachifaniziro ka Ilala.

Chumuni chikauma ndibwerera ku matabwa a pamwamba pa sitima, amene sindinasankhebe mtundu wake. Maganizo akundikokanso kuti ndidzapange Hermann von Wissmann ili pamtunda paja, pamodzi ndi gombe ndi miyala ya ku Sphinxhaven, kuti ziwirizi zidzakhale pa thabwa limodzi, ngakhale patebulo panga malo ake palibe.