Nkhalango ya mudzi tiikonzeretu moto wolusa usanafike

A m'makomiti a zachilengedwe, musadikire Seputembala. Nthawi imeneyo udzu umakhala utauma gwa, mphepo ikuwomba kwambiri, ndipo moto wa osaka mbewa umapsereza mphukira zonse za mombo ndi msuku.

Yambani mu Meyi kapena Juni. Lambulani malire a nkhalango mamita osachepera 4, mpaka dothi lioneke. Ambiri amalakwitsa apa: amatchetcha udzu n'kuusiya pomwepo, moto n'kuwolokera pa udzu womwewo. Ukokereni kutali, kapena mukafolerere nyumba.

Kenako patulirani. Pachitsa chimene chaphuka mphukira 8, siyani ziwiri kapena zitatu zowongoka. Sadzani nthambi za m'munsi, chifukwa ndi zimene zimakweza moto kumasamba. Zodulazo musaziunjike patsinde. Zitulutseni, mabanja agawane nkhuni pamaso pa amfumu.

Kutentha koyambirira, komwe ndi kutentheratu dala udzu wa m'nkhalango kuti moto wolusa usadzapeze poyaka, kuchitike m'mamawa kapena madzulo kopanda mphepo, udzu ukadali ndi chinyezi, kachigawo kamodzi pa nthawi, anthu ataima m'mbali ndi nthambi zaziwisi. Chonde, uzani alangizi a zankhalango ndi midzi yoyandikana nayo tsiku lisanafike.