Sabata yomwe ndinadzutsa kompyuta ya m'chipinda cha katundu

Lolemba kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja komwe sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Ndinafika ku ofesi ku Ginnery Corner mochedwerapo, poti minibasi yochokera ku Machinjiri inkaima paliponse kutola anthu. Ndisanakhale n'komwe pansi, bwana anandiitana. Patebulo pawo panali lipoti lakale lachikuto chobiriwira, mapepala atayamba kufiirira m'mbali.

"Achimwene, magalafu ali umuwa ndikuwafuna m'lipoti latsopano pofika Lachisanu," anatero. "Ndiye mupeze kapulogalamu kosavuta kojambulira magalafu, koti aliyense muno azitha kugwiritsa ntchito. Musandibweretsere zija zofuna digiri."

Ntchito yanga m'bungwe lathu ndi yosamala deta, koma kuno ukangodziwa kulumikiza pulinta ndiye kuti chilichonse chokhala ndi nthambo ndi chako. Lipoti lija linali la kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pomwe bungwe linkathandiza pa sikelo ya ana m'midzi ina kunja kwa mzinda. Magalafu ake anali fotokope ya fotokope inzake, manambala a m'mphepete atafufutika. Ndinafunsa komwe kuli deta yeniyeni. Bwana analoza kukhomo la chipinda cha katundu.

M'menemo, kuseri kwa mipando yothyoka ndi makatoni a malisiti, munali kompyuta ya Windows XP yokhala ndi sikirini yachimphuno ija yolemera ngati thumba la simenti. Tinainyamula awiri ndi achimwene a pageti. Inayaka, koma inkaumirira kuti tili m'chaka china chakale kwambiri, chizindikiro chakuti kabatire kozungulira ka m'kati, ka CR2032, kanafa kalekale. Tsiku lonse la Lolemba linathera pa kupukuta fumbi ndi ulendo wa ku Limbe kukasaka kabatireko.

Lachiwiri ndi pomwe ndinaona chimene ndikulimbana nacho. Deta yonse inali mu Epi Info 6, pulogalamu ya DOS (makompyuta ankayendera imeneyi Windows isanafale) yomwe inapangidwa ndi CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda la ku Atlanta, ndipo inkagawidwa kwaulere. Amene munagwirapo ntchito za umoyo zaka zimenezo mukuikumbuka. Mafunso ankasungidwa mu fayilo ya QES, mayankho mu fayilo ya REC, ndipo galafu unkaipeza polowa mu ANALYSIS n'kulemba lamulo ndi manja: READ ndi dzina la fayilo, kenako HISTOGRAM kapena BAR ndi dzina la chimene ukufuna kuona. Mu foda munalinso timafayilo ta PGM, momwe munthu wina anasungamo malamulo onse motsatana. Nditayendetsa kamodzi mwa timeneti, sikirini inathima pang'ono, kenako galafu yomweyo ya m'lipoti lobiriwira inatulukira yoyera bwino, nambala iliyonse ikuwerengeka. Ndinamwetulira ndekha ngati wapeza ndalama m'thumba la buluku lakale.

Ndiye ndinadina Print Screen, n'kutsegula Paint, n'kumata. Chinabwera ndi chinsalu chakuda bii. Ndinayesa Alt ndi Print Screen, njira yojambulira windo limodzi lokha, koma zinali zomwezo. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu ya DOS ikamajambula galafu imalanda sikirini yonse n'kumalankhula ndi khadi la zithunzi mwa njira yake, moti Windows saona chimene iwe ukuona. Ndinadina Alt ndi Enter kuti ndiibweze m'kawindo, sizinandithandize. Snipping Tool, kapulogalamu kojambulira sikirini, musaitchule n'komwe, inayamba kubwera ndi Windows wamba kuyambira pa Vista, ndipo njira yodina mabatani a Windows, Shift ndi S yomwe tinazolowera lero ndi ya Windows 10 kupita m'tsogolo.

Ndivomere kuti ndinachita zomwe aliyense akanachita: ndinatulutsa foni n'kujambula sikirini. Chithunzicho chinatuluka ndi mizere yakuda yopingasa, poti sikirini zakalezi zimalemba chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba ndipo kamera imagwira ntchitoyo ili pakati. Galafu inapindika m'makona motsata galasi, ndipo pakati pake pankaoneka nkhope yanga ndi zenera la kumbuyo kwanga. Mayi a ku akaunti atasuzumira anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Chimenechi ndiye mukatumize kwa otithandiza ndalama? Adzati mwawatumizira chithunzi cha pachiphaso."

Masana ndinakopera foda yonse pa fulashi yopanda kanthu. Kompyuta yakaleyo sindinaiyandikitse pa intaneti, chifukwa XP inasiya kulandira zoiteteza mu Epulo 2014, ndipo fulashiyo ndinaiunika kaye ndisanatsegule chilichonse. Pa laputopu yanga Epi Info 6 inakana kuyamba. Apa panalibe chodabwitsa: mapulogalamu a DOS ndi a 16-bit, ndipo Windows ya 64-bit ilibe kachipinda kowayendetsera kamene kanali mu XP.

Chinandipulumutsa ndi DOSBox. Anthu ambiri amaidziwa ngati yoseweretsera magemu akale, koma ntchito yake ndi kunamizira kuti ndi kompyuta ya DOS m'kati mwa windo wamba. Ndi yaulere, ndipo ya 0.74-3 yomwe ndinatenga sikwana ndi ma megabyte awiri omwe, bandulo sinamve n'komwe. Umangoiuza foda yomwe ikhale ngati diski C polemba mount c ndi njira ya fodayo, kenako c: n'kulowa mu foda ya pulogalamu n'kulemba epi6. Galafu itatuluka ndinadina Ctrl ndi F5, ndipo chithunzi cha PNG chinakagwera chokha mu foda yotchedwa capture, chosapindika, chopanda nkhope ya munthu. Pa laputopu zina uyenera kugwiranso batani la Fn, apo ayi umangochepetsa kuwala kwa sikirini uli kudabwa. Ndipo samalani ndi chala: Ctrl ndi F9 imatseka DOSBox yonse osafunsa. Ndinazidziwa nditazichita kawiri.

Pofika nthawi yoweruka ndinali ndi zithunzi za magalafu onse, ndipo ndinkadziona ngati ndamaliza. Koma nditaika chimodzi m'lipoti n'kusindikiza, chinaoneka ngati chomangidwa ndi njerwa. Chithunzi cha VGA, chomwe mapulogalamu akalewa amatulutsa, chimakhala ndi timadontho 640 m'litali ndi 480 m'lifupi basi. Posindikiza bwino, pa timadontho 300 pa inchi, chimenecho ndi chithunzi cha masentimita 5 ndi kachidutswa, chocheperapo ndi khadi la ku banki. Ukachikoka kuti chidzaze theka la tsamba, kadontho kalikonse kamasanduka bokosi. Ndinazindikira kuti magalafuwo ndiyenera kuwajambulanso kuchokera ku manambala, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya kapulogalamu kosavuta ija inayambira.

Lachitatu magetsi anathima cha m'ma 9 koloko, ndipo jenereta inalibe mafuta. Ndinagwira ntchito mpaka batire la laputopu litatha. Mwayi wake ndinali nditatulutsa kale deta kudzera pa EXPORT ya Epi Info yomweyo, yomwe imasandutsa fayilo ya REC kukhala malemba wamba olekanitsidwa ndi makoma, otsegulika mu pulogalamu iliyonse.

Ndinayesa zinayi. Graph, ya Ivan Johansen wa ku Denmark, ndi yaing'ono ndi yaukhondo, koma inapangidwira mphunzitsi wa masamu wofuna kuonetsa mzere wa ikweshoni; kwa ife owerenga ana m'magulumagulu inali khasu losemera mtondo. Veusz inandisangalatsa, imatulutsa PDF yooneka bwino pa kukula kulikonse, koma ili ndi timabokosi tambiri toti munthu watsopano angasochere. Gnuplot ndiye mtima wanga unali pomwepo. Inayamba mu 1986, ndi yakale kuposa Epi Info 6 imene, ndipo mpaka lero umaiuza zochita polemba. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi mu kafayilo, galafu yatuluka, ndipo mwezi wamawa umangosintha dzina la deta. Kwa ine chimenecho ndiye chosavuta. Koma ndinakumbukira kuti lipoti la mwezi ndi mwezi salemba ndine. Amalemba ndi achemwali a ku mapulogalamu a kumudzi, omwe kawindo kakuda kakangotseguka amandiitana poganiza kuti kompyuta yalowa matenda. Chinatsala ndi LibreOffice Calc, yomwe ili kale pa makompyuta onse a mu ofesi. Si yokongola kwenikweni, ndipo galafu yake yoyamba imabwera ndi mitundu yosafunika yoti uyambe wachotsa, koma palibe amene amaiopa. Ndinasankha imeneyo mtima ukukana.

Lachinayi m'mawa ndinagawa ana m'magulu a kulemera ndi FREQUENCY, fomula ya mu Calc yowerengera anthu a m'gulu lililonse, n'kujambula galafu yoyamba. Ndinaiika pambali pa chithunzi cha mu DOSBox kuti ndidziyamikire. Sizinafanane. Yakale inali ngati chulu chimodzi chokwera bwino n'kutsika bwino. Yanga inali ndi chulu chomwecho chitafinyikira kumanzere, kenako chigwa chachitali chopanda kanthu, ndiye kumapeto kwenikweni mzati wautali uli chilili wokha. Malinga ndi galafu yanga, m'midzi imeneyo munali ana ambirimbiri osakwana zaka zisanu olemera makilogalamu 99.9.

Mayi a ku akaunti, omwe akhala m'bungwe muno kuposa tonse, anandipatsa nambala ya mayi amene ankalowetsa detayi nthawi imeneyo. Anapuma ntchito kalekale, akukhala ku Chilomoni. Ndinawaimbira ndi manyazi pang'ono.

"Pepani Mayi, ndakusokonezani. Ndine wa ku ofesi kwanu kwakale kuja. Ndapeza ana olemera ngati matumba awiri a chimanga."

Anaseka kwa nthawi ndithu asanayankhe. "Mwanangu, amenewo ndi ana omwe sanakwere sikelo tsiku limenelo. Mwina mwana wadwala, mwina mayi ake apita kumaliro. Tinkalemba 99.9 kuti pasakhale pobooka, aliyense adziwe kuti sitinaiwale. Tsegulani kafayilo ka PGM muwerenge bwinobwino, musamangokayendetsa."

Ndinatsegula mu Notepad. Pamwamba penipeni, lamulo la HISTOGRAM lisanafike, panali mzere wa SELECT wochotsa aliyense wolemera kuposa 99. Ndinali nditakayendetsa kafayiloko kangapo konse osakawerenga. Pakanapanda chithunzi chanjerwa chija choti ndifanizire, galafuyi mwina ndikanaiona kuti yalakwika poti mzatiwo unali woonekeratu, koma avereji yokha ikanalowa m'tebulo mwakachetechete, ana athu n'kuoneka onenepa kuposa a kwina kulikonse.

Asanadule foni anandifunsanso funso lomwe linandikhazika pansi. "Nanga za kupinimbirazo mukuziyerekeza ndi za lero? Muyezo munasintha?"

Anali kunena zoona. Manambala a kupinimbira ndi kunyentchera a m'lipoti lakale anawerengedwa poyerekeza ndi muyezo wa 1977 wa NCHS, bungwe la ku America losunga ziwerengero za umoyo, womwe unachokera pa ana a ku America. Mu 2006 bungwe la WHO linatulutsa muyezo watsopano, wochokera pa ana oyamwitsidwa bwino a m'mayiko 6: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Ana omwewo ukawayeza ndi muyezo watsopanowu, opinimbira amatuluka ochulukirapo. Ndiye ukaika galafu ya m'ma 1990 ndi ya lero pa tsamba limodzi osanena kanthu, ukunamiza wowerenga, ngakhale galafu iliyonse payokha ili yoona. Zaka, kutalika ndi kulemera kwa mwana aliyense zinali mu fayilo, choncho ndinatenga WHO Anthro, pulogalamu ya WHO yowerengera kakulidwe ka ana, n'kuwerengetsanso zonse. Pamenepo ndinakumananso ndi vuto la masiku: fayilo yakale inkayamba ndi mwezi kenako tsiku monga amachitira a ku America, pomwe laputopu yanga imayamba ndi tsiku, moti wobadwa pa 3 Epulo anasanduka wa pa 4 Malichi. Ndinachoka mu ofesi kutada, minibasi zitayamba kale kukweza mtengo.

Lachisanu ndinapereka lipoti nthawi ya tiyi isanakwane. Magalafu atsopano ali m'kati, pansi pa iliyonse pali mzere wonena muyezo womwe wagwiritsidwa ntchito. Zithunzi za mu DOSBox ndinaziika kumapeto, zazing'ono monga momwe zilili, kuti wofuna kuona chimene pulogalamu yakale inkaonetsa aone yekha. Bwana anatembenuza masamba mofulumira n'kuima pa zithunzi zakumapetozo.

"Izi zooneka zachikalezi n'zofunikadi, achimwene?"

Ndinawafotokozera za ana a makilogalamu 99.9. Anakhala chete pang'ono, kenako anati zikhale.

Madzulo ndinakhala ndi achemwali aja pa Calc. Ndinawakonzera fayilo yoti azingomata manambala a mwezi mu mzere umodzi, galafu n'kusintha yokha. Anayesa kawiri, kachitatu anachita okha ine ndili phee, kenako anandifunsa ngati mizati ingakhale yobiriwira m'malo mwa yotuwa. Ndinawaonetsa podina. Kafayilo kanga ka gnuplot ndinakasunga mu foda yanga, sindinauze munthu.

Kompyuta yakale ija tinali titagwirizana kuti ibwerere m'chipinda cha katundu. Achimwene a pageti atabwera kudzainyamula, ndinayang'ananso komaliza m'diski mwake ndipo ndinapeza foda ina yomwe sindinaikopere, yodzaza ndi mafayilo a REC a zaka zina zitatu. Ndinawapempha aisiye kaye pakona mpaka Lolemba.