Fayilo yomwe sinagone tulo chiyambire 2019

Mwezi uno aphunzitsi athu a kapangidwe ka mapulogalamu anatipatsa ntchito yooneka ngati yosavuta: aliyense atenge pulojekiti yomwe ili mu Git (chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa khodi, malamulo olembedwa omwe amapanga pulogalamu), aone m'mene khodi yake yasinthira chiyambire, afotokoze zomwe wapeza. Anzanga ambiri anathamangira ku GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulojekiti a Git, kukatola mapulojekiti akuluakulu. Ine ndinatenga kathu kapakhomo, kapulogalamu kolembera zopereka za bungwe lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, lomwe amalume ndi msungichuma wake. Anakalemba ndi mnyamata wina wa kumpingo mu 2018, ndipo popita ku Joni anakasiya m'manja mwanga.

Ndinayamba ndi lamulo la git log --numstat, lomwe limaonetsa mizere yowonjezedwa ndi yochotsedwa pa fayilo iliyonse mu commit iliyonse (commit ndi gulu la zosintha zomwe munthu wasunga mu Git ulendo umodzi). Ndinaphatikiza zonse, n'kuzisanja kuyambira yaikulu. Pamwamba penipeni panali commit yanga. Ndinamwetulira ndekha mu kombi yochokera pa siteji ya Copacabana m'tauni, mtima uli m'malo kuti ndine ndagwira ntchito yaikulu kuposa mwini wake.

Nditafika kunyumba n'kuitsegula, manyazi anandigwira. Tsiku limenelo sindinakonze kanthu, ndinangosintha mipata ya kumayambiriro kwa mizere kuti khodi izioneka bwino. Git siona kuti mzere wasinthidwa pang'ono. Kwa iyo mzere wakale wachotsedwa ndipo watsopano wawonjezedwa, choncho ukakhudza kachilembo kamodzi umawerengeredwa kawiri. Yachiwiri pamndandanda inalinso yachabe: mnyamata uja anasamutsa fayilo n'kuisinthanso kwambiri nthawi yomweyo, ndipo Git imazindikira kuti fayilo yangosintha dzina pokhapokha ngati theka la zam'kati mwake likufanana ndi zakale. Zikapanda kutero imati ina yafa, ina yabadwa.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti chida chofananizira mafayilo sichidziwa tanthauzo la khodi. Njira yomwe Git imagwiritsa ntchito ukapanda kusankha ina ndi ya Eugene Myers ya mu 1986, ndipo ntchito yake ndi kupeza mizere yochepetsetsa yoti ichotsedwe ndi kuwonjezedwa kuti fayilo yakale isanduke yatsopano, basi. Mzere womwe wakonza cholakwika chodya ndalama za anthu ndi mzere wa mpata chabe, kwa iyo ndi amodzi. Aphunzitsi anatiseketsa ndi nkhani ya Bill Atkinson wa ku Apple. Mu 1982 mabwana ankafuna aliyense azilemba pafomu mizere yomwe walemba sabata imeneyo. Iye anali atalembanso mbali ina ya QuickDraw, pulogalamu yojambula zithunzi pa sikirini, ikuyenda mwachangu koma yafupika, ndiye pafomupo analembapo -2000.

Chomwe chinandibweza panjira ndi kafukufuku wa Nachiappan Nagappan ndi Thomas Ball a ku Microsoft Research, wa mu 2005. Iwo anayeza khodi ya Windows Server 2003 napeza kuti chiwerengero chachabe cha mizere yosinthidwa sichilosera bwino komwe zolakwika zidzapezeke. Chimalosera ukachiyerekeza ndi zina, monga kukula kwa fayiloyo ndi kuchuluka kwa maulendo omwe yakhudzidwa. Ndi zomveka. Kusintha mizere 100 mu fayilo ya mizere 10,000 kuli ngati kusoka chigamba pa bulangete, pomwe mizere 100 yomweyo mu fayilo ya mizere 150 ndiye kuti malaya onse wawamasula n'kuwasokanso.

Ndinayambiranso. Ndinaika -w kuti mipata isawerengedwe, ndinatsata mafayilo osintha maina ndi --follow, ndipo m'malo mowerenga mizere ndinawerenga kuti fayilo iliyonse yakhudzidwa kangati, liti. Mafayilo ambiri anali phee. Ya maina a mamembala sinakhudzidwe kwenikweni chilembedwere. Koma panali kamodzi, ndalama.py, kakang'ono ndithu, komwe kanasinthidwa kuposa ena onse, ndipo kusinthako sikunamwazike ayi, kunaunjikana pa miyezi ina.

Nditaona miyeziyo ndinaseka mpaka mayi anafunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. February 2019, pamene dola ya RTGS, ndalama yatsopano ya Zimbabwe panthawiyo, inabwera. June 2019, pamene boma linaletsa kugula ndi kugulitsa pa ndalama zakunja. March 2020, pamene dola ya ku America inaloledwanso. Kenako April 2024, ndalama ina yatsopano ya ZiG itatuluka, ndipo kumeneko dzanja linali langa. Mnyamata uja sanali wosasamala. Analemba pulogalamu yodziwa ndalama ya mtundu umodzi, dziko n'kumusinthira pansi pomwe waima, ndipo ulendo uliwonse ankamata "ngati" wina (mzere wouza pulogalamu kuti ngati zili chonchi ichite chakuti) pamwamba pa "ngati" wakale.

Zimenezi Manny Lehman anazinena kalekale, atayeza ndi Laszlo Belady kakulidwe ka OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu a IBM. Malamulo ake oyamba anatuluka mu 1974. Lina limati pulogalamu yomwe anthu akuigwiritsa ntchito pa moyo weniweni iyenera kusinthasintha, apo ayi imayamba kutha ntchito. Lina limati ikamasintha imanka nipiringizika, pokhapokha wina atakhala pansi n'kuiongola mwadala. Pokonzekera mayeso ndinawaloweza ngati vesi la Sande sukulu. Sindinkayembekezera kuwapeza m'kafayilo ka zopereka za maliro.

Ndinapezanso china chomwe kuwerenga mizere sikukanandionetsa. Pafupifupi ulendo uliwonse ndalama.py ikasintha, fayilo yosindikiza malisiti inkasinthanso mu commit yomweyo, ngakhale palibe pomwe imodzi imaitana inzake. Chifukwa chake n'chakuti dzina la ndalama ndi mtengo wosinthira zinalembedwa pamanja m'malo awiri. Ndipo pali ulendo umodzi, mu 2024, pomwe yoyamba inasintha yachiwiri n'kutsala. Lamulo la git blame, lomwe limaonetsa yemwe anasintha mzere uliwonse komaliza, silinandibisire kuti mwini wake wa cholakwacho ndine.

Loweruka ndinawaonetsa amalume chithunzi cha mizere yokwera ndi kutsika. Anavala magalasi, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mphwanga, kompyuta yako yatenga sabata ziwiri kuti ikuuze zimenezi?"

Analowa kuchipinda natulutsa kabuku kawo kachikuto cholimba. Pa miyezi yomweyo masamba ake ndi odzadza ndi zofufuta, mitu ya madanga yolembedwa kawiri katatu, pena cholembera chofiira. Ndinawauza za malisiti a 2024 aja. Anati ankadziwa, ankakonza ndi bolopeni asanapereke kwa munthu, sanafune kundivutitsa poti ndinali pa mayeso.

Mu lipoti langa ndaika zinthu zitatuzi limodzi pa fayilo iliyonse: kukula kwake, maulendo omwe yakhudzidwa, ndi mafayilo omwe imasintha nawo pamodzi. Chiwerengero cha mizere ndachisiya kumapeto ndi chenjezo. Dzina la ndalama ndi mtengo wosinthira ndaziika pamalo amodzi tsopano, ndipo chopereka chilichonse chikusungidwa ndi mtundu wa ndalama yake ndi tsiku lake. Chatsala ndi ngongole za mamembala ena zomwe zinalembedwa mu RTGS ndipo sizinabwezedwe mpaka lero. Ndawafunsa amalume kuti ndizisinthe pa mtengo wa tsiku liti, ati imeneyo akaikambirana ndi akomiti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.