Ndinawotcha kathabwa pa mbaula kuti ndidziwe ngati makoma anga akadali otetezeka

Kumwera kwa boma la Nkhotakota, mukapatuka pa msewu wa M5 kulowera kunyanja, ndili ndi tinyumba titatu togona alendo. Maziko ndi a njerwa, denga ndi lamalata, koma makoma akunja ndi matabwa a paini ochokera ku Chikangawa. Tinamanga mu 2019. Omangawo anapaka mankhwala oletsa moto, ndalama yake ndinalipira padera, ndipo risiti ndinaisunga m'kabati. Nkhani ya moto inathera pomwepo, sindinaiganizirenso.

Mu Okutobala 2023 anyamata osaka mbewa anayatsa tchire kuseri kwa mpanda. Tinathamangira ndi nthambi zaziwisi ndi zidebe, motowo sunalowe. Koma kachidutswa ka udzu woyaka kanauluka n'kukagwera m'munsi mwa zenera la kanyumba koyang'ana kunyanja, ndipo pamene tinkaona utsi, thabwa linali litanyeka malo okwana chikhatho. M'mawa mwake akalipentala amene amandigwirira ntchito anakanda pamenepo ndi chikhadabo n'kupukusa mutu. "Bwana, thabwa loti lili ndi mankhwala silingadyeke chonchi. Apa palibepo kanthu."

Ndinakana, poti risiti ndili nayo. Ndiye iwo anati tiyese. Anadula tizidutswa titatu: kena m'munsi mwa khoma la kunyanja, kena pansi pa denga la khonde pomwe mvula siifika, kachitatu pa thabwa wamba la m'shedi losapakidwa chilichonse. Tinakoleza mbaula, kalikonse tinakagwira ndi pulayala pamoto kwa mphindi imodzi, kenako n'kuchotsa. Ka pakhonde kanada bii, koma titangokachotsa lawi linazima lokha. Ka kunyanja kanapitiriza kuyaka ngati nkhuni, osasiyana ndi ka m'shedi kaja.

M'sitolo mwathu munali chigubu chakale cha mankhwala aja chotsalira, ndipo nditawerenga zolembedwapo ndinamvetsa. Mankhwala ambiri oyera ngati madzi amene amamwetsa matabwa ndi mchere, wa mtundu wa phosphate kapena borax. Moto ukafika, mcherewo umachititsa kuti pamwamba pa thabwa pasanduke makala msanga m'malo motulutsa mpweya woyaka. Amagwiradi ntchito. Koma mchere ndi mchere basi, madzi akaupeza umasungunuka. Ndinakumbukira kuti zaka ziwiri zoyambirira, mvula ikatha, makoma ankachita tuwii ngati awazidwa ufa, ndipo ine ndemwe ndinkauza mtsikana wantchito kuti apukute alendo asanafike. Imene inkapukutidwayo inali ndalama yanga. Pa chigubucho panalembedwanso, m'tizilembo tofunika magalasi, kuti akapakidwa panja pafunika penti ina yophimba pamwamba. Omanga aja sanapake, ndipo ine sindinafunse.

Panalinso mlandu wanga ndekha. Mu 2021 chiswe chitayamba kukwera, ndinauza alonda kuti apake oyilo wakuda wa galimoto pa matabwa a m'munsi, monga achitira anthu ambiri pa mitengo ya khola. Chiswe chinathawadi, koma ndinali nditamwetsa mafuta khoma lomwe ndinkati ndaliteteza ku moto.

Ndinafuna kukonza sabata yomweyo. Akalipentala anati ayi, mvula ili pafupi, penti pa thabwa lonyowa imasupuka, tidikire. Tinangochita zimene zinkatheka: kulambula mozungulira, kuchotsa masamba ouma amene anadzaza kunsi kwa makonde, ndi kusuntha mulu wa nkhuni umene unkatsamira khoma la kukhitchini. Kudikirako kunandipweteka m'thumba, chifukwa mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo penti yoletsa moto imachokera kunja.

Kugula ndiye kunandizunguza mutu. Ku Lilongwe ndinalowa mashopu angapo, ndipo wogulitsa aliyense ankati yake ndi yoletsa moto. Funso limene linandithandiza ndi limodzi: ndioneni pepala la kampani yopanga, pomwe alemba kuti inayesedwa pa matabwa, ndiponso panja. Penti zina zoletsa moto ndi za zitsulo, zina ndi za m'nyumba mokha. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 16755 umene umaona ngati chitetezocho chimakhalitsa: INT1 ndi INT2 ndi za mkati, EXT ndiyo ya panja pofika mvula ndi dzuwa. Wogulitsa akayamba kukanda mutu pa pepalalo, ine ndinkatsanzika. Ndinamaliza n'kugula penti yofufuma. Imeneyi ikatenthedwa kufika cha m'ma digiri 200 imatupa n'kukhala thovu lakuda lochindikala lomwe limatchinga kutentha kuti kusafike msanga pa thabwa. Ndinagulanso yophimba pamwamba ya kampani yomweyo. Vanishi wamba musamuyerekeze, amayaka yekha, komanso amatha kulepheretsa ya pansiyo kufufuma bwino.

Tinayamba kumapeto kwa Meyi 2024, matabwa atauma. Masiku ambiri anathera pa kupala, osati kupaka. Matabwa a oyilo aja tinawazula onse n'kuika atsopano, chifukwa pa oyilo palibe penti imene imagwira. Ena onse tinawakwecha ndi sandipepa mpaka mtengo weniweni kuoneka, tinatsuka ndere zakuda za m'makona, n'kusiya masiku angapo kuti aume.

Pozula matabwa aja m'pamene tinaona chinthu chimene sindikanachiganizira. Kuseri kwa matabwa kuli mpata wopita mpweya kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo munali modzaza zisa za makoswe, udzu ndi mapepala a pulasitiki. Moto ukalowa mmenemo umakwera ngati m'chumuni, kunja penti ili chilili. Tinachotsa zonse n'kukhomera waya wa timaso ting'onoting'ono pansi ndi pamwamba, kuti mpweya uzidutsa koma khoswe ayi.

Pa kupaka penipeni tinakanganapo ndi mnyamata wopenta. Pentiyi ndi yolemera, burashi imakakamira, ndiye tsiku loyamba ndinamupeza akuthiramo madzi. "Madala, ikhala yosalala, komanso chitini chikwanira makoma awiri." Pa penti yokongoletsa akunena zoona. Pa iyi ayi, chifukwa mphamvu yake ili pa kuchindikala. Pepala lija limanena malo amene lita imodzi iyenera kupaka. Ndinatenga tepi, ndinayeza khoma lililonse, n'kulemba ndi choko malita amene ayenera kutherapo. Chitini chikatsala, ndiye kuti khomalo silinathe, abwerezenso. Iye ankaona ngati ndikungomwaza ndalama.

Nyengo imeneyi kuno ndi ya mwera. Ukayamba kuwomba umanyamula mchenga wa kugombe n'kuumata pa penti yaiwisi, moti khoma limodzi tinachita kulikwechanso. Tinaphunzira kuyamba mame akangouma n'kusiya mphepo ikakula. Usiku tinkazimitsa magetsi a pakhonde, apo ayi m'mawa tikanapeza tizilombo ta kunyanja titadzaza pakhoma lonse.

Malo amene opaka amadumpha ndi omwe madzi amalowera: kumapeto kodulidwa kwa thabwa, m'mphepete mwa m'munsi, mozungulira mazenera, ndi pamitu ya misomali. Ndinkayenda ndi kagalasi koonera nkhope n'kumasuzumira kunsi kwa thabwa lomaliza. Kawiri konse ndinapeza mtengo uli mbee.

Nzeru imene ndimaithokoza kwambiri inachokera kwa akalipentala. Anadula timatabwa tating'ono 24, tinatipaka mofanana ndi makoma, tsiku lomwelo, burashi yomweyo, kenako anakhomera tisanu ndi kamodzi pa mbali iliyonse ya kanyumba ka kunyanja, m'munsi pomwe alendo saonapo. Timatabwato timanyowa ndi mvula yomweyo, kuwambidwa ndi dzuwa lomwelo. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimazula kamodzi pa mbali iliyonse n'kukaika pa mbaula. Si kuyesa kwa akatswiri a mu labotale, koma thovu likatuluka kapena likakana, maso amaona. Tsiku, dzina la penti, malita ndi zimene ndaona ndimalemba m'kope, ndipo zithunzi ndimasunga mu foni.

Ndisanamize munthu, penti imeneyi siisandutsa thabwa kukhala njerwa. Imangochedwetsa moto kuti alendo atuluke ndipo zidebe zifike. N'chifukwa chake zozimitsira moto zidakali pa khomo lililonse, ndipo kulambula timachita mu Ogasiti tchire lisanayambe kupsa.

Mu Meyi 2025 ndinawotcha timatabwa tinayi toyamba. Tonse tinafufuma, thovu lakuda lofewa ngati siponji. Koma pa khoma la kunyanja penti yophimba ija inali itayamba kale kusiya ufa m'manja ukaisisita, ndipo pansi pa zenera limodzi panali timing'alu tonga tsitsi. Mbali imeneyo yokha tinaikwecha mopepuka n'kubwereza yophimbayo, ntchito ya masiku awiri. Mbali ya kumtunda sitinaikhudze. Timatabwa 20 tikadali pakhoma, ndipo alonda ndinawauza kale kuti asadzatizule kukolezera moto wa tiyi.