Injini Zazing'ono pa Ntchito Yolemera

Mwezi wathawu ndinaswera pa galaja ina mu mzinda wa Lilongwe, kudikira kuti makaniko aione pikiapu imene timanyamulira feteleza ndi chimanga. Galimotoyo inatifookera tikukwera Khwekhwerere pochokera ku Golomoti, itasenza matumba khumi ndi asanu, ndipo tinafika pamwamba ikutulutsa utsi wobiriwira. Makaniko atamasula turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, anandipatsa kuti ndigwire kamtengo kake ka pakati. Kanali kugwedera ngati dzino lofuna kuguluka, ndipo m'kapaipi kodutsa oilo munali mutauma zinthu zakuda ngati phula. Bamboyo, amene wakulira pa injini za dizilo, anangoti, "Bwana, injini zamakonozi mphamvu zili nazo, koma sizikhululuka."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha, chifukwa opanga galimoto za ntchito akhala akuchepetsa injini kwa zaka zoposa khumi tsopano. Mu 2015 Toyota inachotsa mu Hilux injini ya malita 3.0 n'kuikamo ya malita 2.8, ndipo ya 2.5 inalowedwa m'malo ndi ya 2.4. Ford Ranger, imene imapangidwanso ku Silverton mu Pretoria, inasiya injini ya masilinda asanu ya malita 3.2 n'kutenga ya malita 2.0 yokhala ndi ma turbo awiri. Ngakhale Land Cruiser 70, imene timaidziwa ngati ambulansi ya m'zipatala za kumidzi, inalandira injini ya masilinda anayi ya malita 2.8 mu 2023. Chimene chawakakamiza ndi malamulo ochepetsa utsi a ku Ulaya ndi maiko ena olemera, komanso kufuna kuti galimoto zisamamwe mafuta ambiri.

Pa nkhani ya mphamvu, injini zatsopanozi palibe pozinyozera. Injini yakale ya Land Cruiser yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 yopanda turbo, imene inayamba kupangidwa mu 1990, imatulutsa mphamvu ya makilowati (kW) 96, pamene yatsopano ya malita 2.8 imatulutsa 150 kW. Izi zikutanthauza kuti lita iliyonse ya injini yatsopano ikugwira ntchito yoposa kawiri ya lita ya injini yakale, ndipo nkhawa yanga yagona pomwepa. Mphamvu yoonjezerayo imabwera chifukwa mpweya umakankhidwira m'masilinda ndi turbo yozungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, kwinaku dizilo akupopedwa mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo ta ma injector (zipangizo zofaira dizilo m'masilinda) tochepa ngati tsitsi la munthu. Kutentha kumachuluka, mapisitoni ndi mabering'i amasenza katundu wochuluka, ndipo kadontho ka madzi kapena kamchenga kamodzi mu dizilo kakhoza kuononga chipangizo cha mtengo wa ng'ombe zingapo.

Sindikunena kuti injini yaing'ono ndi yosalimba mwachibadwa. Opanga amagwiritsa ntchito zitsulo zolimba kuposa kale, ndipo galimoto zambiri zotere zayenda mitunda yaitali popanda vuto pamene eni ake amasintha oilo ndi mafyuluta pa nthawi yake. Komabe zimene zimaonongeka kawirikawiri ndi zipangizo zimene zaunjikidwa mozungulira injiniyo kuti ikwanitse ntchito ya injini yaikulu. Ku Australia, khoti linagamula mu 2022 kuti sefa yogwira mwaye wa utsi, yotchedwa DPF, inali ndi vuto m'magalimoto a Hilux, Prado ndi Fortuner amene anagulitsidwa pakati pa 2015 ndi 2020. Injini ya Ford ya malita 2.0 nayonso inadandaulitsa anthu chifukwa cha lamba wa timing (wogwirizanitsa kayendedwe ka zipangizo za m'kati mwa injini) woyenda m'kati mwa oilo, amene amanyenyeka ngati oiloyo ndi wolakwika kapena wakhalitsa, ndipo tizidutswa take timatseka sefa ya pampu ya oilo.

Tsono taganizirani mmene galimoto imagwirira ntchito kuno kwathu. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni timagula dizilo wa m'zigubu amene sitidziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani, fumbi la mu Okutobala limadzaza fyuluta ya mpweya pa masabata ochepa, ndipo pa nyengo yokolola palibe mwini galimoto amene amawerenga mlingo wa katundu wolembedwa m'buku. Injini ya 1HZ inkapirira zonsezi, ndipo ikadwala makaniko wa pa Jenda kapena pa Nchalo ankaikonza ndi masipanala ake pansi pa mtengo. Yatsopanoyi imafuna kompyuta yoti iwerenge vuto lake, kenako masipeya ochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki.

Vuto la pikiapu yathu linali lathu lomwe, pakuti tinapitirira nthawi yosinthira oilo kawiri konse, ndipo dalaivala ankazimitsa injini atangofika, turbo isanazizire. Injini yakale ikanatilekerera pa zolakwa ziwirizi. Iyi yatiimitsa masabata atatu pakati pa nyengo yogula chimanga, ndipo turbo imene tinaitanitsa sinafikebe.